Sanali Azakhali, Anali Mabuleki

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Madalaivala anzanga, a matakisi, a maminibasi, ndi inu a kabaza mwakhala kumbuyoko, moni nonse. Ndaona ena mukugwirana m'nthiti n'kumanong'onezana. Musavutike, ndinena ndekha. Ndine yemwe uja. Ndine Fanuwelo Mbewe wa ku Bowe, mwini galimoto yofiira ija, amene ndinadulitsa munthu mwendo pa mtsetse wa ku Ntchisi, n'kukakhala kundende, n'kutulukako ndili chidakwa. Zonse zimene munamva n'zoona. Palinso zina zoipa kuposa pamenepo zimene simunamve, ndipo ndabwerera zimenezo.

Musayembekeze kuti ndilankhula mofatsa ngati abusa. Ndikamasimba nkhaniyi mtima umawira. Ndimakwiya ndi ine mwini, ndimakwiya ndi amene ankandiombera m'manja, ndipo ndimakwiya ndikaona ena mwa inu mukuyenda njira yomwe ija.

Chaka chimene fodya anandiyendera bwino ku okushoni, anzanga anagula malata, ena ngolo ndi ng'ombe. Ine ndinakwera basi ya ku Lilongwe n'kubwerako ndi galimoto ya mpikisano, ya zitseko ziwiri, yakale moti pamene inkapangidwa ine ndinali ndisanayambe sukulu. Inali yotsika ngati kamba. Pa msewu wathu wa ku Bowe inkakhula mimba pa mwala uliwonse. Mkazi wanga atangoiona anafunsa kuti, “Abambo, nanga feteleza tidzanyamulira pati?” Ndinamuuza kuti sadziwa zinthu.

Ndinayamba kuikongoletsa. Marimu onyezimira. Masipika odzaza kumbuyo konse. Ekizozi yoti ndikamanyamuka pa Mponela a ku Madisi amve. Kenako ndinati injini yake yatopa, ndinapeza ina yamphamvu kwambiri yochokera m'galimoto yochita ngozi.

Amene anandiikira injiniyo ndi a Saidi, makaniko wachikulire amene ali ndi galaja ndi kasitolo ka zipangizo pa Dowa boma. Ambiri mumawadziwa, aja Lachisanu masana amatseka n'kupita ku mzikiti ngakhale galimoto yanu ili pa jeke. Atamaliza kumanga injini anapukuta manja n'kundiitanira pa wilo lakutsogolo.

“A Mbewe, ntchito sinathe. Injini mwaikayi ndi njati, koma chingwe chake ndi cha mbuzi. Madisiki awa ndi aang'ono ndipo adyeka. Mapaipi a labala ang'aluka. Mafuta a mabuleki ada, sindikudziwa kuti anawasintha liti. Pakufunika madisiki okulirapo, zibano zatsopano zopana madisikiwo, mapadi enieni, mapaipi ndi mafuta. Apo ayi, musakwere nayo mapiri.”

Ine ndinaseka. “A Saidi, mabuleki amawaona ndani? Mukungofuna kundidyera basi.”

Sanakwiye. Anangoti, “Mwana wanga, kuthamanga n'kwa aliyense. Ngakhale mwala ukagubuduka paphiri umathamanga. Galimoto ndi kuima.”

Ndinaliza injini mawu awo asanathe. Sabata yotsatira ndinagula mapadi kwa wogulitsa wina wa m'mbali mwa msewu ku Lilongwe, a m'kabokosi kokongola, otchipa ngati tomato. Ndinawaika ndekha pansi pa mtengo wa mango kwathu. Madisiki sindinawakhudze. Mafuta sindinawayang'ane n'komwe.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Ku munda ndinkangopitako kukaloza ndi chala. Tsiku lonse ndinali pa bala, galimoto panja, zitseko zotsekula, nyimbo zikugunda. Anzanga ankandiitana kuti Bwana Moto. Ankandipikisanitsa ndi aliyense wodutsa. Ankati, “Bwana Moto, muonetseni fumbi ameneyo!” Ine n'kumadzuka ndi botolo m'manja. Buleki inayamba kulira ngati nkhumba yomangidwa. Mukudziwa chimene ndinkachita ikalira? Ndinkakweza wailesi. Munthu wamkulu, wa ana atatu, ndevu pakamwa, kumakweza wailesi kuti asamve imfa ikugogoda!

Kenako unafika ukwati wa mchemwali wanga Esinati. Mwamuna wake ankaphunzitsa ku mapiri a Ntchisi, ndiye mwambo wa kutchalitchi unachitikira kumeneko, madyerero anakonzedwa pa holo ya sukulu kwa Msakambewa. Esinati anandipempha yekha. Anati, “Achimwene, ndikufuna ndikatsike m'galimoto yanu, anthu akaone.”

Linali Loweruka masana, dzuwa lili pamutu. Galimoto tinaimanga maliboni. Mapemphero ali m'kati ndinazemba n'kukamwa mabotolo awiri kuseri kwa mpanda. Titatuluka, Esinati anakhala kutsogolo pambali panga ndi diresi lake loyera, mkwati anadzipinda kumbuyo pafupi ndi masipika. Kumbuyo kwathu kunali lole ya kwaya. Ine ndinafuna kuti tikafike patali, anthu adziwe kusiyana kwa galimoto ndi lole.

Mtsetse uja mumaudziwa, wautali, wa makona. Dalaivala wanzeru amatsika ndi giya yotsika, injini n'kumamugwirira galimoto. Ine ndinatsika ndi giya yaikulu, phazi lili pa buleki njira yonse. Pa kona yachitatu ndinamva fungo la chinthu chopserera. Pa kona yachinayi buleki inafewa ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapondanso. Phazi linafika pansi, galimoto osamva. Ndinapopa, ndinapopa. Ndinakoka handibuleki, inangobwera m'manja popanda mphamvu.

Esinati anakuwa kuti, “Achimwene, imani! Imani!”

Kumanzere kunali phompho. Kumanja kunali khoma la phiri, la miyala. Pakhomapo panali bambo wina akukankha njinga, thumba la chimanga pa kaliyala. Ndinakhotetsera kukhoma.

Bambo ameneyo ndi a Nkhoma, mlimi wa kwa Msakambewa, ndipo ankapita ku chigayo. Mwendo wawo unapanikizika pakati pa galimoto ndi mwala. Chimanga chinamwazika msewu wonse. Esinati galasi linamucheka patsaya, diresi lonse magazi. A kwaya amene anabwera kudzaimba ndi amene anatinyamula pa lole kupita kuchipatala. Kumeneko a Nkhoma anawadula mwendo pansi pa bondo. Zakudya za ukwati zinadyedwa ndi agalu.

Khoti linandipatsa zaka ziwiri. Za kundende sinditalikitsa. Nsabwe, mphere, kugona chammbali ngati matumba. Anzanga a pa bala aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandiona. Amene ankabwera, ndi kachitini ka chiponde m'manja, anali azakhali anga a Nambewe, mlongo wa bambo anga, amene anandilera mayi anga atamwalira.

Tsono imvani chimene sindinanenepo pagulu la madalaivala. Zaka ziwiri zonsezo sindinavomere tsiku ndi limodzi lomwe kuti ndinalakwa. Mumtima ndinkati anandilodza. Ndinkati galimoto yabwinobwino singataye mabuleki pa tsiku la ukwati lenilenilo, pali munthu. Ndipo ndinakumbukira kuti tsiku limene ndinafika ndi galimoto ku mudzi, amayi onse analuluta kupatula azakhali. Iwo anaizungulira kamodzi n'kunena kuti, “Galimoto iyi idzatiliritsa.” Ndinagwira mawu amenewo ngati umboni.

Nditatuluka ndinapeza mkazi wanga atapita kwawo ndi ana, munda uli thengo. Ndinalowa mu kachasu. M'mawa kachasu, masana kachasu. Tsiku lina, anthu akuchokera ku msika, ndinaima pabwalo la azakhali n'kukuwa kuti mudzi wonse umve.

“Mfiti inu! Ndinu munamanga mabuleki anga! Munafuna kupha Esinati!”

Azakhali anatuluka ndi lichero m'manja, anandiyang'ana, n'kubwerera m'nyumba.

Mukudziwa chimene mawu amenewo amachita pamudzi. Amayi anayamba kuchoka pa mjigo azakhali akafika. Mandasi awo pa msika anasiya kugulidwa. Ana anayamba kugenda denga lawo. Mayi wa imvi, amene anandisambitsa, amene anagulitsa mbuzi kuti ndilembe mayeso, anatseka nyumba yake n'kukakhala kwa mwana wake ku Dzoole ngati wakuba. Ine ndinachita zimenezo. A Nkhoma ndinawapweteka ndi galimoto yothawa. Azakhali ndinawapweteka nditaima chilili ndi miyendo yanga iwiri, ndi pakamwa panga. Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kudzimenya mbama.

Galimoto ija, apolisi ataimasula, mlamu wanga anaikokera ku galaja ya a Saidi. Zogulitsa zitanditha pakhomo, ndinapita kumeneko kuti ndikaigulitse ngati zitsulo, ndipeze za mowa. A Saidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapatapata n'kunena kuti, “Bwerani Lachiwiri m'mawa.”

Lachiwiri ndinafika. Pa benchi panakhala bambo wina, buluku lopinda mwendo umodzi n'kumanga ndi pini. A Saidi ankawotcherera ndodo yachitsulo yoyendera ya bamboyo imene inathyoka. Anali a Nkhoma. Chitulukire kukhoti ndinali ndisanawaone. Miyendo inandiuza kuti thawa.

A Saidi anazimitsa makina. “A Mbewe, galimoto mugulitsa, ndi yanu. Koma choyamba chotsani wilo ili.” Anandipatsa jeke ndi sipanala.

Kachasu wa dzulo lake anali akadali m'thupi. Sipanala inandipulumuka kawiri. Panalibe wondithandiza. Manati asanu aja ananditengera nthawi yoti munthu akanalima mzere. Wilo litachoka, a Saidi anati, “Tsegulani chibano. Tulutsani padi.”

Ndinaitulutsa. Abale anga, sinali padi. Chinali chitsulo chabe, chosalala. Mnofu wake, uja umagwira disiki, unali utamatuka. Kachidutswa kamene kanatsalira pakona ndinakakhudza ndi chala, kanafumbutuka ngati dothi la pa chulu. Disiki inali yabuluu chifukwa chopsa, ndi mng'alu wodutsa pakati. A Saidi anamasula kanati ka mafuta n'kutchera botolo. Munatuluka zinthu zakuda ngati madzi a m'ngalande.

Anati, “Mafuta a mabuleki akakalamba amamwa madzi. Mukatsika phiri phazi lili pa buleki, amatentha, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi. Nthunzi sikankha chitsulo. N'chifukwa chake phazi lanu linafika pansi. Tsono ndiuzeni, mapadi awa anaika ndani?”

“Ndine.”

“Mafuta awa anakana kusintha ndani?”

“Ndine.”

“Azakhali anu anagwirapo sipanala chibadwire?”

Ndinangokhala pansi pa mafuta, padi ili m'manja.

Apo a Nkhoma anatambasula dzanja. “Bambo, tandipatsani ndikaone.”

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anakatembenuza uku ndi uku, anakayeza kulemera kwake pachikhatho. Kanthu kosakwana ngakhale dzanja lawo.

“Ndiye mwendo wanga unapita chifukwa cha aka?”

Anatembenukira kwa a Saidi. “Enieni analipo?”

“Analipo. Pa shelefu apo. Mpaka lero alipo.”

A Nkhoma anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati, “Nditamva kuti mukuti ndi ufiti, ndinkapemphera kuti zikhale zoona. Ukanakhala ufiti ndikanati ndi tsoka, ndikanagona tulo. Koma aka!” Anaika padi ija pa benchi mosamala ngati dzira. Kenako anandiyang'ana m'maso. “Sindikutukwanani. Ndiyankheni funso limodzi lokha. Tsiku lija, munandiona?”

Kukhoti ndinalumbira kuti sindinawaone. Kwa Esinati ndinanena zomwezo. Ndinazinena kambirimbiri mpaka ine mwini ndinatsala pang'ono kuzikhulupirira. Koma pamenepo, wilo lili pansi, bodza linasowa pogwira.

“Ndinakuonani, bambo. Ndinaona phompho, ndinaona inu. Ndinasankha inu.”

Ndinkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa matayala. A Nkhoma anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamene panayenera kukhala phazi lawo.

“Ndinkadziwa,” anatero. “Maso athu anakumana. Zaka zonsezi ndimafuna kuti mungonena.”

Anatenga ndodo yawo, anaiyesa ngati yalimba, anathokoza a Saidi n'kumapita. Ine ndinalira ngati mwana, makasitomala akundiona.

Tsono ndikuuzeni mmene ndinadzukira, chifukwa kulira sikukonza kanthu.

Ndinayamba ndi azakhali. Ndinapita ku Dzoole wapansi, osalawa kanthu, n'kuwapempha kuti abwerere kumudzi tsiku limodzi lokha. Ndinaitana anthu omwe aja amene anandimva ndikukuwa, pabwalo lomwelo. Ndinagwada pafumbi, ndinakweza padi ija m'mwamba n'kunena kuti mfiti yake ndi iyi, ndipo anaiika ndine. Azakhali sanandidzutse msanga. Anati, “Unandinyoza pagulu, wapepesa pagulu, ndamva. Koma ana amene unawaphunzitsa kundigenda, ukawaphunzitsenso ndiwe.” Ndinayenda khomo ndi khomo sabata ziwiri. Ena anandiseka, ena ananditsekera chitseko. Azakhali anabwerera m'nyumba yawo mvula itayamba, koma mandasi sanayambirenso. Mtima wa msika unawathera. Chimenecho sindingachibweze.

Kachasu sindinamusiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinagwanso kawiri. A Saidi ananditenga kuti ndizigwira ntchito pa galaja, ndipo m'mawa uliwonse ankati, “Bwerani pafupi, nenani moni.” Akamva fungo ankandibweza pageti. Njira ya pa bala ndinaisiya, ndinkazungulira ya kumanda, yotalika, chifukwa ndinadziwa kuti mphuno yanga ndi yofooka kuposa miyendo. Pano ndadutsa mvula zitatu osalawa.

Galimoto sindinaigulitse. A Saidi anati, “Ntchito imene munaithawa ija, imalizeni.” Masipika ndi ekizozi yaphokoso ndizo zinagulitsidwa. Zinatitengera chaka, chidutswa ndi chidutswa. Kutsogolo tinaika madisiki okulirapo, aja ali ndi mipata pakati yolowera mphepo kuti azizizira. Zibano zakale zinali ndi pisitoni imodzi, tinaika za mapisitoni anayi zimene zimapana disiki mbali zonse mofanana. Marimu onyezimira aja anakana kulowa pa zibano zatsopanozo, ndiye nawonso anapita, tinaika achitsulo wamba. Mapadi tinatenga enieni. Mapaipi a labala tinachotsa onse, tinaika olukidwa ndi waya amene satupa buleki ikapondedwa mwamphamvu. Pampu ya mabuleki tinasintha. Mafuta akale tinawatsuka mpaka kutuluka oyera, kenako tinachotsa mpweya wilo ndi wilo, kuyambira lakutali ndi pampu. Kumbuyo sitinakuiwale, chifukwa mukalimbitsa mbali imodzi n'kusiya inayo, galimoto simaima mowongoka. Matayala osalala tinataya, pakuti buleki imaimitsa wilo koma chogwira msewu ndi tayala. Titamaliza sitinathamangire kuphiri. Tinayamba pa msewu wa flati, kuponda pang'onopang'ono, kusiya zizizire, kupondanso, mpaka mapadi ndi madisiki anazolowerana.

Tsiku limene ndinatsikanso mtsetse uja, a Saidi ali pambali panga, ndinaika giya yachiwiri kuyambira pamwamba. Pa kona ija ndinaponda, galimoto inaima pomwepo. Ndinatuluka n'kusanza m'mbali mwa msewu.

Munda wa a Nkhoma ndimalima ndine chaka chilichonse ndisanagwire wanga. Palibe khoti limene linandilamula. Amandilandira, amandipatsa madzi, timakambirana za mvula. Mawu oti ndakukhululukirani sananenepo, ndipo sindiwapempha, chifukwa si ine woti ndiwathamangitse. Ndinawapempha kamodzi kuti ndiwanyamule popita kuchipatala, anakana. Mkazi wanga anabwerera chaka chatha. Esinati amandilankhula, koma pojambulitsa chithunzi amatembenuzira tsaya lija kumbali.

Ndiye ine ndikakhala pa galaja n'kuona zimene mumabweretsa, magazi amandikwera. Minibasi yonyamula anthu khumi ndi asanu ndi atatu, buleki yake yogwira ukapopa katatu. Paipi ikudontha, inu mwaikhomera msomali kuti wilo limodzi likhale lopanda buleki, bola mufike ku Ntchisi. Mafuta a mabuleki akatha, ena mumathira madzi a sopo. Madzi a sopo, m'galimoto yonyamula amayi apakati! Inu a kabaza mumaimitsa njinga yamoto ndi chidendene cha nsapato, kumbuyo muli ndi mwana wa sukulu. Pagalasi lakumbuyo mwalemba vesi la m'Baibulo ndi zilembo zikuluzikulu, koma wilo simunachotsepo chigulire galimoto. Mulungu mwamusandutsa makaniko wanu waulere? Ndipo zikachitika mudzathamangira kwa sing'anga, mudzafuna nkhalamba yoti muiloze chala.

Nawonso amene amagulitsa mapadi a dothi m'mabokosi okongola ndi akupha, ndipo ndikakumana nawo ndimawauza pamaso. Koma sagulitsa kwa munthu amene sakufuna. Ine ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga, chifukwa ndinkafuna zotchipa pa chinthu chosaoneka.

Mudzati mabuleki enieni ndi odula. Inde, ndi odula. Ngati simungakwanitse lero, imikani galimoto pansi pa mtengo, mukalime ganyu mpaka mukwanitse. Munthu safa ndi manyazi a kuyenda wapansi.

Ndalankhula kokwanira. A tcheyamani, ndapempha kuti tisatseke ndi pemphero m'chipinda muno. Panja pali majeke atatu ndi masipanala, ndabwera nawo. Magalimoto anu ali pamzere pomwepo. Tituluke tonse, aliyense achotse wilo lake ndi manja ake, ayang'ane ndi maso ake. Yanga ndiyo iyambe. Amene akuona kuti alibe nthawi, asazembere pakhomo lakumbuyo. Aimirire pano, pamaso pa anzake, atiuze kuti mawa m'mawa akanyamula ana a ndani.